Makina amene amamva ngati dzanja

Dzanja limagwira. Dzanja limamvanso. Mayi akamasankha mango pamsika, amawadina pang'ono ndi cala. Cala cimawauza kuti awa apsa, awa ndi aawisi. Mwana akanyamula dzira, salifinya. Dzanja lake likudziwa kuti dzira lingasweke.

Dotolo wa opaleshoni amadaliranso dzanja lake. M'mimba mwa munthu muli ziwalo zofewa ndi mitsempha yaing'ono. Dotolo akakoka kwambiri, ciwalo cing'ambika. Akathinitsa kwambiri ulusi wosokera bala, ulusiwo uduka. Akapanda kuthinitsa, bala silitsekeka bwino.

M'zipatala zina zazikulu muli makina ocedwa loboti. Loboti ali ndi mikono yaitali yacitsulo. Kunsonga kwa mikonoyo kuli timipeni, tizopanira ndi kamera. Zimenezi zimalowa m'thupi kudzera pa timabowo tating'ono ngati nsonga ya cala. Loboti saganiza yekha ayi. Dotolo amakhala pampando capatali, nayang'ana cithunzi cocokera ku kamera ija. Akasuntha zala zake, mikono ya loboti imasunthanso cimodzimodzi.

Dotolo angathe kukhala m'cipinda ca wodwala. Angathenso kukhala kutali kwambiri. Pa 7 Setembala 2001, dotolo Jacques Marescaux anali mumzinda wa New York, ku Amerika. Wodwala wake, mayi wa zaka 68, anali ku Strasbourg, m'dziko la France. Pakati pawo panali nyanja yaikulu ndi mtunda woposa makilomita 6000. Dotolo anasuntha zala ku New York, ndipo loboti wocedwa ZEUS anacotsa kathumba ka ndulu ka mayiyo ku Strasbourg. Uthenga unkapita ndi kubwera pa nthambo sekondi imodzi isanathe. Mayiyo anacira, nabwerera kwawo.

Koma makina oyamba anali ndi vuto. Dotolo ankaona bwino, koma zala zake sizinkamva zimene loboti wagwira. Zinali ngati kutola dzira ndi timitengo tiwiri tatitali. Kodi lagwirika bwino? Kodi latsala pang'ono kusweka? Dzanja silikudziwa. Madotolo anaphunzira kuyesa mphamvu ndi maso. Ankayang'anitsitsa mmene ulusi wakungikira ndi mmene mnofu wasinthira maonekedwe. Kuphunzira zimenezi kumatenga nthawi, ndipo dotolo watsopano angakoke mopitirira asakudziwa.

Tsopano pali makina amene amabweza kumva ku dzanja la dotolo. Mu 2017 dziko la Amerika linavomereza makina ocedwa Senhance. Mu 2024 linavomerezanso ena ocedwa da Vinci 5. M'makina a da Vinci 5, pafupi ndi nsonga ya cida pali kacipangizo koyesa mphamvu. Cida cikakankha kapena kukoka, kacipangizoko kamatumiza uthenga ku kompyuta. Kompyuta imalamula zogwirira za dotolo kuti zikankhe zala zake. Cida cikakhudza cinthu colimba, zogwirira zimalimba. Ulusi ukakungika, dotolo amamva kukoka m'zala zake, ndipo amaleka usanaduke.

Kumva kumeneku sikunafike pa kumva kwa khungu. Makinawa amauza dotolo za kukankha ndi kukoka. Samuuza ngati pamalopo ndi potentha kapena pozizira.

Makinawa amagulidwa ndi ndalama zambiri. Amafuna magetsi osazimazima, ndipo dotolo akakhala kutali pamafunika intaneti yothamanga. Uthenga ukacedwa panjira, cida cimasuntha mocedwa, dotolo amamvanso mocedwa. Pa cifukwa cimeneci wodwala sasiyidwa yekha ndi loboti. Pambali pa bedi lake pamaima madotolo ena ndi anamwino. Makina akaima, iwo amatsiriza nchitoyo ndi manja awo.