Ndalama zikalowa m'buku la malamulo: nkhani ya mpikisano wa magalimoto wa NASCAR

Mu Ogasiti 2024, pa bwalo la mipikisano ya magalimoto la Richmond, m'chigawo cha Virginia ku America, dalaivala wina dzina lake Austin Dillon anapambana m'njira imene inasiya anthu kukamwa kuli yasa. Kutatsala mamita ochepa kuti mpikisano uthe, iye anagunda kumbuyo galimoto ya Joey Logano, yemwe anali patsogolo, mpaka inapotoloka n'kukamenya khoma. Denny Hamlin atayesa kudutsa cham'kati, nayenso anagundidwa. Dillon anawoloka mzere womalizira ali woyamba. Patapita masiku atatu, bungwe la NASCAR, lomwe limayendetsa masewerowa, linagamula kuti chikho cha tsikulo asunge, koma chipambanocho chisamupatse mwayi wolimbirana nawo ukatswiri wa chaka chonse.

Ndatsatira masewerowa kwa nthawi yaitali ndipo sindingamuikire kumbuyo Dillon. Komabe kumudzudzula iye yekha n'kusiyira nkhani panjira. Mpikisano wa tsikulo usanayambe, iye anali pa nambala 32 pa mndandanda wa mapointi, kutanthauza kuti chaka chonse chinali chitamuipira. Koma lamulo limene linakhazikitsidwa mu 2014 linkati dalaivala akangopambana mpikisano umodzi, walowa m'gulu la anthu 16 olimbirana ukatswiri, ndipo kulowa m'gulu limeneli kumadzetsa ndalama zankhaninkhani ku timu yake. Dillon anangomeza nyambo. Amene anaitchera ndi olemba malamulo.

Kwa amene sanaonerepo, NASCAR ndi mpikisano wa magalimoto wotchuka kwambiri ku America. Magalimoto pafupifupi 40 amathamangira limodzi, kawirikawiri pa mabwalo ozungulira ngati dzira, mothithikana mabampala akukhudzana, pa liwiro limene pa mabwalo ena limadutsa makilomita 300 pa ola. Pa chaka pamakhala mipikisano 36 yopezera mapointi, kuyambira mu Febuluwale mpaka mu Novembala. Amasiyana ndi a Formula One chifukwa maonekedwe ake ndi a galimoto wamba ya denga ndi zitseko. Dzina lake lachingerezi, stock car, limatanthauza galimoto imene ili monga inachokera ku fakitale.

Ndipo pachiyambi zinalidi choncho. Ambiri mwa madalaivala oyambirira anali anyamata a kumidzi ya kum'mwera kwa America amene ankazembetsa kachasu usiku. Kuti apolisi asawagwire, ankawonjezera mphamvu injini ndi kulimbitsa masipuling'i kuti galimoto isaoneke kuti yalemedwa. Loweruka ndi Lamlungu ankakumana pa mabwalo afumbi kuti aone wa galimoto yothamanga kuposa anzake. Bill France, makaniko wa ku Daytona Beach, ndiye anawasonkhanitsa n'kukhazikitsa NASCAR mu 1948. Mpikisano woyamba wa magalimoto osasinthidwa unachitikira ku Charlotte mu Juni 1949, ndipo unatha ndi mkangano wa malamulo: Glenn Dunaway anafika poyamba koma anamulanda chipambano atapeza kuti masipuling'i akumbuyo anali osinthidwa, n'kuchipereka kwa Jim Roper.

Ochemerera ena, makamaka achikulire, amakonda kunena kuti ndalama ndi zimene zawononga masewerowa, ngati kuti kale munalibe malonda. Izi si zoona. Makampani opanga magalimoto monga Ford, Chevrolet ndi Chrysler analowamo kalekale chifukwa ankadziwa kuti galimoto ikapambana Lamlungu, Lolemba anthu akaifuna kwa ogulitsa. Kenako kunabwera fodya. Boma la America litaletsa kutsatsa ndudu pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema kuyambira mu Januwale 1971, kampani ya R.J. Reynolds inatsala ndi ndalama zambiri zosowa kozigwiritsa ntchito. Junior Johnson, yemwe anakhalapo m'ndende chifukwa cha kachasu asanakhale mwini timu, anapita kukapempha thandizo la galimoto yake. Ataona kukula kwa thumba la kampaniyo, anailozera kwa Bill France. Umu ndi mmene chikho cha Winston chinabadwira, ndipo dzina la ndudu limeneli linakhala pa mpikisanowu mpaka mu 2003. Mu 1972 mipikisano inachepetsedwa kuchoka pa 48 kufika pa 31, ndipo mabwalo afumbi ndi ang'onoang'ono ambiri anatsala m'mbuyo.

Choncho funso si lakuti ndalama zilimo kapena mulibe. Funso n'lakuti zikukhala pati. M'zaka za Winston, ndalama zinkakhala pa boneti, pa zitseko ndi pa chovala cha dalaivala. Zinkapenta galimoto koma sizinkasankha katswiri. Kuyambira mu 1975 mpaka mu 2003 kawerengedwe ka mapointi kanali kamodzi, kofanana ndi ka ligi ya mpira wamiyendo: wotolera mapointi ambiri kuyambira mpikisano woyamba mpaka womaliza ndiye katswiri. Richard Petty ndi Dale Earnhardt, amene aliyense anatenga ukatswiri kasanu ndi kawiri, anautenga mwa kuchita bwino chaka chathunthu.

Chimene chinasintha zinthu ndi wailesi ya kanema. Mu 1979 kanema wa CBS anaonetsa mpikisano wa Daytona 500 kuyambira poyamba mpaka pomaliza uku ukuchitika. Tsikulo chipale chofewa chinatsekera anthu ambiri m'nyumba, ndipo anaona Cale Yarborough ndi Donnie Allison akugundana pa ulendo womaliza wozungulira bwalo, kenako Yarborough akuswana ndi Donnie ndi m'bale wake Bobby pa kapinga, Richard Petty atadutsa n'kupambana. Eni mawailesi a kanema anaphunzira kuti chimene chimagwira woonera si liwiro lokha, koma chipwirikiti cha kumapeto. Mu 2001 NASCAR inayamba kugulitsa ufulu woonetsa mipikisano yonse pamodzi, pa mtengo wa madola 2.4 biliyoni kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Mgwirizano umene unayamba mu 2025, wa Fox, NBC, Amazon ndi TNT, ndi wa madola 7.7 biliyoni kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Wolipira ndalama zotere safuna kuti katswiri adziwike kutatsala milungu iwiri, makamaka m'miyezi ya Seputembala mpaka Novembala pamene mpira wa ku America wa NFL umalanda oonera.

Chaka cha 2003 chinapereka chifukwa. Matt Kenseth anatenga ukatswiri atapambana mpikisano umodzi wokha, pamene Ryan Newman anapambana isanu ndi itatu koma anathera pa nambala 6. Chaka chotsatira, mdzukulu wa woyambitsa uja, Brian France, anabweretsa dongosolo latsopano: mapointi a madalaivala apamwamba ankawayandikizanso kutatsala mipikisano khumi, kuti onse ayambe ngati ali pamodzi. Mu 2014 anawonjezera moto. Anthu 16 aja ankachepetsedwa anayianayi pakatha mipikisano itatu iliyonse, mpaka kutsala anayi, ndipo mwa anayiwo womaliza patsogolo pa anzake pa mpikisano womaliza ndiye katswiri. Taganizirani ligi ya mpira imene timu yatsogola ndi mapointi 20 kuyambira kuchiyambi, kenako n'kuiuza kuti zonsezo zafufutidwa, chikho chidalira masewero amodzi a Lamlungu likudzali.

Zotsatira zake sizinachedwe kuoneka. Mu 2013 ku Richmond komwe kuja, galimoto ya Clint Bowyer inapotoloka mokayikitsa mpikisano uli pafupi kutha, zomwe zinathandiza mnzake wa timu imodzi kulowa m'gulu la olimbirana ukatswiri. NASCAR inalipiritsa timu ya Michael Waltrip madola 300,000 chifukwa chosokoneza zotsatira. Mu 2015 Kyle Busch anaphonya mipikisano 11 atathyoka mwendo, koma anakhalabe katswiri wa chaka chimenecho. Mu 2020 Kevin Harvick anapambana mipikisano isanu ndi inayi, kuposa wina aliyense, koma sanafike n'komwe m'gulu la anayi omaliza.

Lamulo limene limandinyansa kwambiri ndi la mu 2017, logawa mpikisano m'zigawo. Chigawo chikatha amakweza mbendera yachikasu, magalimoto onse n'kuchepetsa liwiro ndi kusonkhananso pamodzi, ndipo khumi oyambirira amalandira mapointi. Kale mbendera imeneyi inkatanthauza kuti pachitika ngozi kapena mumsewu muli chinthu choopsa. Tsopano ikudziwika nthawi yake mpikisano usanayambe, ndipo ndi nthawi yabwino yoonetsa malonda. Dalaivala amene wakhetsa thukuta n'kusiya anzake ndi masekondi khumi amaona mtunda wonsewo ukutha popanda cholakwa chake. Luso lakale losunga mafuta ndi matayala pa ulendo wa makilomita 800, limene linkasiyanitsa mkulu wa amakaniko wochenjera ndi wongotsatira, linachepa mphamvu, popeza aliyense akudziwa pamene mpumulo udzafike.

Sikuti lamulo lililonse latsopano n'loipa. Dale Earnhardt atamwalira pa ngozi ya pa ulendo womaliza wa Daytona 500 pa 18 Febuluwale 2001, NASCAR inalamula kuti dalaivala aliyense azivala chipangizo chogwira mutu ndi khosi, ndipo makoma a mabwalo anawaika zofewetsa mphamvu ya kugunda. Kuchokera tsikulo palibe dalaivala amene wafera pa mpikisano wa gulu lapamwambali. Malamulo oterewa anabwera chifukwa cha maliro, ndipo ngakhale wochemerera wokakamira zakale sangawatsutse. Ndiyeneranso kuvomereza kuti dongosolo lochotsana lija linabala masiku osaiwalika, monga mu 2022 pamene Ross Chastain anakhuza galimoto yake ku khoma la Martinsville osaponda buleki, n'kudutsa magalimoto asanu pa khona lomaliza kuti alowe m'gulu la anayi. Tonse tinaimirira. Chaka chotsatira NASCAR inaletsa mchitidwewo.

Galimoto nayonso inasiya kalekale kukhala ya ku fakitale. Toyota Camry imene imathamanga ku Daytona ili ndi injini ya masilinda asanu ndi atatu yoyendetsa matayala akumbuyo, ndipo nyali zake ndi zomata chabe; kufanana kwake ndi Camry ya mumsewu kumathera pa dzina ndi pa mphuno. Galimoto yatsopano imene inayamba mu 2022 inapitirira apo: matimu sapanganso okha zipangizo zambiri, amagula kwa makampani amene NASCAR inawasankha. Nambala ya galimoto, imene kwa zaka zambiri inkakhala pakati pa chitseko, anaisunthira kutsogolo kuti otsatsa malonda apeze malo aakulu.

Ngakhale eni matimu anayamba kudandaula za kagawidwe ka ndalama. Kuyambira mu 2016 pali ziphaso 36 zimene zimatsimikizira timu malo pa mpikisano uliwonse ndi gawo la ndalama, koma bungwe lenilenilo likadali la banja la France, lomwe lilinso ndi mabwalo ambiri akuluakulu, kuphatikizapo Daytona ndi Talladega. Mu Okutobala 2024 timu ya 23XI, ya katswiri wa basketball Michael Jordan ndi Denny Hamlin, pamodzi ndi ya Front Row Motorsports, zinakasumira NASCAR ku khoti ponena kuti ikuphangira msika.

Nanga chaka cha Dillon chija chinatha bwanji? Kyle Larson anapambana mipikisano isanu ndi umodzi, kuposa onse, koma sanafike m'gulu la anayi omaliza. Joey Logano, yemwe anagundidwa ku Richmond uja, anali pa nambala 15 pa mapointi gawo loyamba la chaka litatha. Mu Okutobala anachotsedwa m'gulu la olimbirana ukatswiri ku Charlotte, koma usiku womwewo anabwezeretsedwa galimoto ya Alex Bowman itapezeka kuti inali yopepuka kuposa mmene lamulo limafunira. Anapambana ku Las Vegas, kenako ku Phoenix, n'kukhala katswiri wa 2024 kachitatu pa moyo wake. Mukaphatikiza malo amene ankathera pa mipikisano yonse 36 n'kugawa, mupeza kuti katswiriyu ankamaliza cha pa nambala 17.