Mavoti 291 okha ndiwo anagamula mlandu ku Bucks

Amene mumatimvera pa wailesi mwakhala mukutifunsa chifukwa chake chisankho cha Pulezidenti ku Amereka chimasokoneza mutu. Lero tiyeni tione boma limodzi lokha, la Bucks, kumpoto kwa mzinda wa Philadelphia m'chigawo cha Pennsylvania.

Kuno kwathu ku Mozambique mavoti a dziko lonse amaphatikizidwa pamodzi. Kumeneko sizitero. Amene wapambana m'chigawo cha Pennsylvania amatenga mavoti onse 19 a chigawocho, ngakhale atapambana ndi pang'ono. N'chifukwa chake boma la anthu oposa 640,000 ngati Bucks zipani zimalilondera usana ndi usiku.

Kuyambira 1992 mpaka 2020, Bucks inkasankha chipani cha Democratic nthawi zonse, koma kawirikawiri mopulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mu 2020 Joe Biden anaposa Donald Trump ndi mavoti oposa 17,000. Koma mu 2024 zinatembenuka: Trump anaposa Kamala Harris ndi mavoti 291 okha, pa mavoti pafupifupi 400,000. Anthu 291, abale, sangadzaze ngakhale msika wa ku Ulongwe tsiku Loweruka! Munthu wa chipani cha Republican anali asanapambanenso kumeneko chipambanire George Bush wamkulu mu 1988.

Chinasintha n'chiyani? Bomali lili ngati mudzi wa mabanja atatu. Kumtunda, cha ku Quakertown, ndi kwa alimi ndi timatauni ting'onoting'ono, ndipo ambiri ndi a Republican. Pakati, ku Doylestown kumene kuli likulu, kuli anthu ophunzira ndi opeza bwino. Makolo awo ambiri anali a Republican, koma iwo akhala akutsamira ku Democratic.

Nkhani yeniyeni ili kumunsi, ku Levittown. Tauniyi inayamba kumangidwa mu 1952, nyumba zoposa 17,000, pafupi ndi fakitale yaikulu ya zitsulo ya Fairless Works. Antchito ake anali m'mabungwe a apantchito ndipo voti yawo inali ya Democratic mosafunsa. Ng'anjo zosungunulira zitsulo zinazimitsidwa mu 1991. Ana ndi zidzukulu za antchitowo ndi amene ambiri atembenukira kwa Trump, akudandaula za kukwera mtengo kwa chakudya, mafuta ndi lendi.

Ine ndikuona kuti zipanizi zangosinthana anthu: olemera apita uku, apantchito apita uko. Chizindikiro chinaoneka miyezi ingapo chisankho cha 2024 chisanachitike, pamene olembetsa m'kaundula ngati a Republican ku Bucks anaposa a Democratic.