Uchi, tsabola ndi nkhukundembo: mgonero wa anthu oweruka mochedwa ku America

Amene anaonerapo mafilimu a ku America amaidziwa nkhukundembo ya pa Thanksgiving: chimbalame chathunthu, chofiirira bwino, chitakhazikidwa pakati pa tebulo kumapeto kwa Novembala, banja lonse litachizungulira. Imeneyo imakhala mu uvuni maola atatu kapena anayi, ndipo mabanja ambiri amaiphika kamodzi pachaka. Koma m'masitolo a dziko lomwelo mulinso nkhukundembo ina yopanda mwambo, yogulidwa sabata ndi sabata. Ndi yogaya, minsi, yoikidwa m'kambale kapulasitiki, nthawi zambiri yolemera paundi imodzi, yomwe ndi magalamu 454. Woigula amakhala munthu amene waweruka mochedwa, ana akumudikira kunyumba, ndipo akufuna kuti theka la ola lisanathe aliyense akhale atagwira supuni.

Chimodzi mwa zakudya zomwe minsi imeneyi imathera chimaoneka chonchi: mpunga pansi pa bakuli, pamwamba pake nyama yokazinga, yonyezimira ndi msuzi wa uchi, tsabola ndi soya sosi, m'mbali mwake nkhaka zoduladula, karoti wopala ndi masamba a anyezi. Palibe mbale ya ndiwo payokha ndi ya mpunga payokha. Aliyense bakuli lake, zonse momwemo, ndipo zotsuka zikatsala ndi poto mmodzi, felepani ndi mabakuliwo basi.

Mayi wa ku Ndirande kapena ku Chipata akamva kuti mu ndiwo muthiridwe uchi akhoza kugwira pakamwa. Kwathu kuno zotsekemera zili ndi malo ake, m'tiyi, m'phala, m'thobwa, ndipo ndiwo ndi za mchere. Komatu tikamakazinga anyezi mpaka afiire, kenako n'kuthira tomato wakupsa kuti apsere limodzi, timakhala tikutulutsa shuga yemwe ali kale m'zomerazo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timamudikira shugayo kuti atuluke yekha pamoto, pomwe wophika wa ku Chicago amene akuthamangitsana ndi nthawi amangomutunga m'botolo.

Nkhukundembo ndi mbalame ya ku America kuyambira kale. Anthu a dera lomwe lero ndi Mexico ndiwo anayamba kuiweta zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo Asipanya anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Lero dziko la United States limaweta nkhukundembo pafupifupi 200 miliyoni pachaka, ndipo dera la Minnesota ndi lomwe limatsogola. Makampani ngati Jennie-O ndi Butterball sakanakhala ndi moyo podalira phwando la tsiku limodzi, choncho mbalameyi inayenera kupezeredwa njira yolowera m'khitchini miyezi yonse khumi ndi iwiri. Mwayi unabwera ndi mantha a mafuta. Mu 1977 komiti ya aphungu a Senate yotsogozedwa ndi George McGovern inatulutsa malangizo a kadyedwe olimbikitsa anthu kuchepetsa mafuta a nyama, ndipo m'zaka zotsatira mabanja ambiri anayamba kusiya minsi ya ng'ombe n'kumatola ya nkhuku ndi nkhukundembo. Pa paketi amalembapo manambala, monga 93/7, kutanthauza kuti pa magawo 100 aliwonse, 93 ndi mnofu ndipo 7 ndi mafuta. Ilipo ya 85/15, iliponso ya chidale chokhachokha yomwe amati mnofu wake ndi magawo 99.

Apa ndi pomwe panabadwira vuto lomwe chakudya chathuchi chimayesa kuthetsa. Tinene zoona, minsi ya nkhukundembo payokha ndi yozizira m'kamwa. Kukoma kwambiri kwa nyama kumakhala m'mafuta, ndiye ukawachotsa umatsala ndi chinthu chotuwa, chosachedwa kuuma, chomwe sichinunkhira kanthu. Ya magawo 99 ija ndiye musaiyese n'komwe pa chakudya ichi, imatuluka m'felepani ili gwaa. Ya 93/7 ndi yomwe imalolera. Koma kusowa kukoma komweko n'kumene kumaipatsa ntchito: nyama yopanda fungo lamphamvu imalandira chilichonse chomwe waithira. Ophika a ku America anapita kukabwereka zothirazo kwa anansi awo ochokera ku Asia.

Botolo lomwe limapezeka kawirikawiri pa ntchitoyi ndi la sriracha, lija lofiira psuu, lokhala ndi chithunzi cha tambala ndi chitsekero chobiriwira. Mwini wake, David Tran, anathawa ku Vietnam pa sitima yapamadzi yotchedwa Huey Fong, ndipo mu 1980 anayambitsa kampani ya Huy Fong Foods ku Los Angeles. Sosiyo amapangira tsabola wofiira wa jalapeño, shuga, mchere, adyo ndi viniga, ndipo mtundu wake unachokera ku tauni ya Si Racha m'mphepete mwa nyanja ku Thailand. Anthu anaizolowera moti mu 2022, pomwe chilala chinaononga tsabola ku Mexico ndipo kampaniyo inaimitsa kaye ntchito, mabotolo anasowa m'mashelefu ndipo otsala ankagulitsidwa pa intaneti pa mitengo yodabwitsa. Ena m'malo mwa sriracha amathira gochujang wa ku Korea, phala lolimba la tsabola, mpunga womata, soya wovunditsa ndi mchere, lomwe limasungidwa miyezi kuti likhwime. Limeneli limabwera ndi kutsekemera kwakekwake, choncho wolithira amachepetsa uchi.

Ngakhale nzeru yoika zonse m'bakuli limodzi ndi yobwereka. A ku Korea ali ndi bibimbap, mpunga wosakaniza ndi masamba, nyama, dzira ndi gochujang yemweyo. A ku Japan ali ndi donburi, ndipo mtundu wake umodzi, soboro, ndi minsi ya nkhuku yophikidwa mu soya sosi, shuga ndi jinja, n'kuithira pamwamba pa mpunga. Ku Thailand, pad kra pao ndi nyama yosadzula yokazinga ndi tsabola, adyo ndi masamba onunkhira, chakudya cha m'mbali mwa msewu cha anthu othamanga. Munthu wa ku Seoul kapena ku Bangkok atapatsidwa bakuli la ku Americali sangalitche chakudya cha kwawo, ndipo angakhale akunena zoona. Ndi chakudya cha m'nyumba za ku America chomwe chinatola apa ndi apo zomwe zinali pafupi.

Kaphikidwe kake kamayamba ndi mpunga, chifukwa ndi womwe umatenga nthawi yaitali. Makapu awiri amakwanira anthu anayi. Mukautsuka n'kuutereka, mphindi 15 mpaka 20 zomwe ukupsa ndi zomwe muli nazo zochitira zina zonse. Msuzi usakanizidwiretu m'kapu moto usanayatsidwe pansi pa felepani: masupuni aakulu atatu a soya sosi, awiri a uchi kapena shuga wabulawuni, imodzi ya sosi wa tsabola, imodzi ya viniga kapena madzi a mandimu, ndi kasupuni kakang'ono ka cornflour kosungunula m'madzi pang'ono. Adyo mano atatu ndi jinja wamkulu ngati chala chachikulu zisinjidwe, ziikidwe padera. Mchere musathire, soya sosi ali nawo wokwanira, mwina wopitirira.

Tsopano pa nyama m'pamene ambiri amalakwitsa, ndipo cholakwikacho ndi phuma. Minsi ya nkhukundembo ili ndi madzi ambiri. Mukaiponya m'felepani yosatentha bwino n'kuyamba kuitakasa nthawi yomweyo, madziwo amatuluka onse, nyama n'kumawira m'malo mokazingika. Mudzaiona ikusanduka mbuu, ikusambira m'timadzi totuwa, ndipo palibe msuzi womwe ungaipulumutse. Chofunika ndi felepani yaikulu, moto wamphamvu, ndi supuni imodzi kapena ziwiri za mafuta ophikira omwe atentha mpaka kuyamba kuyerekeza kufuka. Nyama ikagwera ilire kuti tswaa. Ifalitseni ndi mthiko kuti ikhudze chitsulo paliponse, kenako chotsani dzanja. Mphindi zitatu kapena zinayi osaigwira. Mtima umakuuzani kuti ikupserera, koma mukatukula pangodya mudzapeza pansi pake pachita nkhoko zofiirira, ndipo fungo m'khitchini lasintha, layamba kumveka ngati la nyama yootcha. Katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anafotokoza mu 1912 zomwe zimachitika pamenepa: zomanga thupi ndi shuga zikakumana pa kutentha kwakukulu zimabala mtundu ndi fungo latsopano. Zimenezi zimayamba kuthamanga kutentha kukafika cha m'ma 140°C, pomwe madzi amawira pa 100°C. Ndiye ngati m'felepani mukadali madzi, kufiirako sikungayambe.

Nyama ikafiira mbali imodzi, itembenuzeni, muiphwanyephwanye. Adyo ndi jinja zilowe tsopano, osati poyamba, chifukwa pa moto wotere adyo amapserera msanga n'kuwawitsa chakudya chonse. Theka la mphindi likwanira. Kenako chepetsani moto, takasani msuzi uja m'kapu chifukwa cornflour amakhala atadikha pansi, n'kuuthira. Udzachita thovu nthawi yomweyo. Apa ndiye musachokepo, monga sachokapo wokazinga mtedza pa phale, chifukwa uchi suchedwa kuchoka pa kunyezimira n'kufika pa kuda bii. Pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri msuziwo umalimba n'kumata nyama, ndipo mukakoka mthiko pansi pa felepani kanjira kamatsala koonekera. Phulani.

Kulawa kuchitike musanagawe. Kutsekemera, kuwawa kwa tsabola, mchere ndi kuwawasa zimayenera kukokana popanda chimodzi kugonjetsa zinzake, ndipo m'maphikidwe ambiri a ku America chomwe chimapambana ndi shuga. Kwa ine masupuni awiri a uchi ndi malire, ndipo anthu ozolowera ndiwo zathu angachite bwino kuyamba ndi imodzi. Zikatsekemera kwambiri, mankhwala ake ndi mandimu, osati mchere. Tsabola akachuluka, madzi akumwa sathandiza kwenikweni, chifukwa capsaicin, chomwe chimaotcha lilime mu tsabola, sichisungunuka m'madzi koma m'mafuta. N'chifukwa chake ambiri amaika dzira lokazinga pamwamba, kapena mapeyala, kapena supuni ya mayonezi. Nkhaka zosaphika zija nazo si zokongoletsa chabe. Pakati pa mpunga wofewa ndi nyama yomata, pakamwa pamafuna chinthu chozizira chokhukhuta. Timbewu ta chitowe kapena mtedza wokazinga wosinja pang'ono zimamaliza ntchitoyo.

Pali mbali imodzi yomwe phuma silololedwa. Nyama ikagayidwa, tizilombo tomwe tinali pakhungu timasakanikirana ndi mnofu wonse, ndipo paketi imodzi ikhoza kukhala ndi nyama ya mbalame zambiri. Mu Ogasiti 2011 kampani ya Cargill inaitanitsa kuchokera m'masitolo minsi ya nkhukundembo yolemera mapaundi pafupifupi 36 miliyoni, yopangidwa ku fakitale yake ya ku Springdale m'dera la Arkansas, anthu atadwala Salmonella m'madera ambiri a dzikolo. Unduna wa zaulimi wa kumeneko, USDA, umalangiza kuti nyama ya nkhuku ndi nkhukundembo ipse mpaka mkati mwake mufike 74°C. Wopanda choyezera aonetsetse kuti sipanatsale paliponse pooneka pawisi, komanso kuti nyamayo yawira mumsuzi muja. Mpeni ndi thabwa zomwe zakhudza nyama yaiwisi zisakhudze nkhaka zisanatsukidwe ndi sopo. Mpunga wotsala nawonso uli ndi ngozi yake. Kachilombo ka Bacillus cereus kamapirira kuphika, n'kumaswana mpunga ukagona pofunda. Ambiri ku America amaphika chakudyachi chochuluka kuti azitengera kuntchito masiku angapo, koma zimenezo zimatheka chifukwa amachiika mufiriji chikangozizira. Kumene magetsi amazimazima, ndi bwino kuphika chongokwanira usiku womwewo.

Kwa wowerenga wa ku Lilongwe, Zomba kapena Tete, minsi ya nkhukundembo si chinthu chongotola pa sitolo ya pakona. Nkhukundembo timaziona m'makola a anthu ochepa, ndipo zimagulitsidwa zamoyo, pa mtengo woti munthu sangaganize zozigaya pa Lachiwiri wamba. Koma popeza kukoma kwa chakudyachi kuli mu msuzi ndi moto, mbalameyo ikhoza kusinthidwa popanda kutaya kanthu. Ntchafu za nkhuku zochotsa mafupa, zosadzula bwino ndi mpeni wakuthwa, zimakoma kuposa nkhukundemboyo chifukwa zili ndi mafuta ake. Minsi ya ng'ombe ikuchitanso, bola mutsanule mafuta ochuluka musanathire msuzi. Soya pieces zonyika, zofinya madzi kwambiri n'kuziduladula, zimafiira bwino ndipo zimamwa msuzi kuposa nyama. Pa mpunga ndiye tilibe chosirira kwa wina: Kilombero wa ku Karonga, ndi fungo lake lija, amaposa mpunga wa m'mapaketi womwe ambiri ku America amangotenthetsa mu microwave. Mbaula ya makala oyaka bwino imapereka moto womwe nyamayi imafuna, kungoti pothira uchi muyenera kuphula felepani kaye pambali popeza makala sachepetsedwa ndi batani.

Chenjezo lili pa tsabola. Jalapeño yemwe ali mu sriracha ndi wofatsa kwambiri poyerekeza ndi kambuzi wathu, ndipo Nali si woyeza ndi supuni yaikulu ngati mmene buku la ku America linganenere. Kambuzi mmodzi wochotsa njere, wosinjira limodzi ndi adyo uja, amakwanira mabakuli anayi. Ngati panyumba pali ana, thirani theka lake, botolo la Nali liikidwe patebulo kuti wofuna aziwonjezera m'bakuli mwake.