Thanki ya nsomba: Mwala uyambe, mchenga utsatire

M'mahotela, m'malo odyera ndi m'maofesi ena a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mangochi mumapezeka mathanki agalasi osungiramo nsomba zamoyo, omwe pa Chingerezi amati aquarium. Kwa mlendo ndi chokongoletsa chabe, koma kwa wodula magalasi, wogulitsa maluwa kapena wotola miyala ndi mchenga, ndi bizinesi. Vuto ndi lakuti thanki yoyalidwa molakwika imasweka, ndipo ikasweka wolipira ndi yemwe anaiyala. Galasi, nsomba, kapeti ya mwini nyumba ndi mbiri ya wamalondayo zimapita tsiku limodzi.

Choyamba kuwerengera ndi kulemera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki yotalika masentimita 100, mulifupi 40 ndi msinkhu 40 imalowa malita 160. Mchenga wokuya masentimita 5 pansi pa thanki yotereyi ndi malita 20, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 30. Kuphatikiza miyala ndi galasi, katunduyo amayandikira makilogalamu 200, ngati matumba anayi a chimanga. Tebulo logwedera kapena lopendekeka silingasenze zimenezi, choncho wamalonda wanzeru amayamba waona pomwe thanki ikakhale asanatchule mtengo.

Chachiwiri ndi kufunsa kasitomala nsomba zomwe akufuna, chifukwa nsomba ndiyo imalamula mwala, mchenga ndi zomera. Ambiri kuno amafuna mbuna, nsomba za mitundu yowala zomwe zimakhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi ndipo zimatumizidwa kunja kukasungidwa m'mathanki a ku Ulaya ndi America. Mbuna zimadya ndere za pamiyala, zimakumba mchenga, ndipo zazimuna zimalimbirana malo. Makhalidwe atatuwa ndiwo amapereka dongosolo la kayalidwe.

Popeza mbuna zimakumba, miyala ikuluikulu imayenera kukhala pansi penipeni, mchenga usanathiridwe. Mwala woikidwa pamwamba pa mchenga umaoneka wokhazikika tsiku loyamba, koma nsomba zikafukula pansi pake umapendekeka, n'kugwera pagalasi kapena kuphwanya nsomba. Pofuna kuteteza galasi la pansi, oyala amayamba ayika kachidutswa kopyapyala ka polystyrene, chofewa choyera chija chimabwera m'makatoni a mafiriji, kenaka mwala pamwamba pake. Mwala uliwonse umagwedezedwa ndi dzanja. Ukasuntha, umayalidwanso. Miyala yosanjikiza imamatidwa ndi silicone wopangidwira mathanki a nsomba, osati wa m'bafa, yemwe amakhala ndi mankhwala opha nkhungu omwe amaphanso nsomba.

Si mwala uliwonse umalowa m'thanki. Kuyesa kwake n'kotchipa: kudontheza viniga pamwala wouma. Ukachita thovu, ndiye kuti uli ndi laimu, ndipo udzakweza pH ya madzi. Kwa mbuna zimenezi n'zabwino, pakuti madzi a m'nyanja ya Malawi ali ndi pH ya cha m'ma 8. Koma kwa thanki ya zomera zanthete ndi nsomba zokonda madzi opanda laimu, mwala wotere umaononga. Miyala ya mizere ya dzimbiri kapena yonyezimira ngati chitsulo ndi yofunika kuisiya. Ya kukwale imakhala yakuthwa m'mbali, pomwe nsangalabwi za kumtsinje n'zosalala ndipo sizicheka nsomba. Miyala imatsukidwa ndi bulashi ndi madzi okha, popanda sopo, ndipo siwiritsidwa pamoto chifukwa ina imaphulika.

Pa kakongoletsedwe, ambiri amatsata njira ya ku Japan yotchedwa Iwagumi, yomwe anaitchukitsa ndi Takashi Amano, wojambula zithunzi yemwe anamwalira mu 2015. Njirayi imagwiritsa ntchito miyala itatu, isanu kapena isanu ndi iwiri, yamtundu umodzi. Waukulu kwambiri suikidwa pakati, koma chakumbali, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa thanki, ndipo inayo imauzungulira. Kwa wamalonda phunziro lake ndi lakuti miyala yochepa yofanana imagulitsa thanki kuposa mulu wa miyala yosiyanasiyana. Komabe thanki ya mbuna imafuna mapanga ambiri ndi miyala yotchinga, kuti nsomba yothamangitsidwa ipeze pobisala.

Mchenga umabwera pambuyo pa miyala. Wa kumtsinje ndi wabwino ukatsukidwa m'ndowa kangapo mpaka madzi atayera. Umayalidwa motsetsereka, masentimita atatu kutsogolo ndi 7 kapena 8 kumbuyo. Kutero thanki imaoneka yakuya, zinyalala zimatsikira kutsogolo komwe n'kosavuta kuzichotsa, ndipo mizu ya zomera za kumbuyo imapeza pogwira. Dothi lachonde la zomera limayenera thanki ya nsomba zosakumba, ndipo limaphimbidwa ndi mchenga. M'thanki ya mbuna, dothi lotere limafukulidwa ndipo madzi amasanduka matope.

Pa zomera ndi pomwe ambiri amataya ndalama, pogula zanthete zomwe mbuna zimadya kapena kuzula. Zomwe zimapirira ndi Anubias ndi Java fern, za masamba olimba. Izi sizikwiriridwa mumchenga, chifukwa tsinde lake lokwawa limaola. Zimamangiriridwa pamwala ndi ulusi mpaka mizu itagwira yokha. Vallisneria, wa masamba aatali ngati udzu, amamera m'nyanja ya Malawi momwemo. Amabzalidwa kumbuyo, ndipo patsinde pake amatchinjirizapo timiyala kuti asazulidwe.

Pothira madzi, oyala amaika mbale pamchenga n'kumathira pambalepo pang'onopang'ono kuti mchenga usabalalike. Madzi a pampopi ali ndi klorini, choncho amafunika mankhwala ochotsa klorini. Ngakhale zitatero, nsomba sizilowa tsiku lomwelo. Sefa imafunika kugwira ntchito milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti tizilombo tothandiza kuchotsa poizoni wa m'ndowe za nsomba tichuluke. Kasitomala wofuna nsomba lero lomwe ndi wofunika kumufotokozera, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pampu yampweya yoyendera mabatire ndi yoyeneranso kuikidwa pamtengo, chifukwa magetsi akathima kwa maola ambiri nsomba zimabanika.

Palinso malamulo. Malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear, anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kutenga nsomba kapena miyala m'menemo popanda chilolezo ndi mlandu. Malonda a nsomba zamoyo za m'nyanja amayang'aniridwa ndi nthambi ya zausodzi, ndipo wofuna kuyamba ayenera kufunsa ku ofesi yake za ziphaso. Zomera ndi nsomba zochokera kunja siziyenera kutayidwa mumtsinje kapena m'damu. Mavuto omwe namasupuni wadzetsa mumtsinje wa Shire ndi umboni wokwanira.

Polemba mtengo, miyala ndi mchenga ndizo zotchipa. Chodula ndi thiransipoti, nthawi yotsuka, kuyala, ndi maulendo okaona thanki m'milungu yoyamba. Wamalonda yemwe amalemba zonsezi padera, n'kugwirizana ndi kasitomala za malipiro a mwezi ndi mwezi osinthira madzi ndi kudulira zomera, amapeza ndalama pathanki imodzi kwa zaka.