UTHENGA WOLEMERA SUFIKA KUMUDZI

M'mwezi wa March chaka cha 2023 namondwe wa Freddy adasakaza maboma a kummwera, ndipo Mulanje lidali limodzi mwa maboma omwe adavutika koposa. Mitsinje idasefukira, milatho idakokoloka, misewu nkuduka. M'madera monga Milonde, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique, nthawi ngati imeneyo uthenga umadalira wailesi ndi foni. Ife a kunyanja tikudziwanso momwe kolera wa 2022 ndi 2023 adatipwetekera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Pa mavuto onsewa, chenjezo lofika msanga lidali kupulumutsa moyo.

Masiku ano ana athu adaphunzira luso lokonza mauthenga a zilembo zoyenda ndi zojambula zosuntha pafoni, pogwiritsa ntchito CapCut, Canva kapena KineMaster. Amalengeza nazo ukwati, maliro, msonkhano wa makolo ngakhalenso machenjezo a zaumoyo. Lusoli nlabwino. Koma ambiri amapunthwa pomaliza penipeni, posandutsa ntchitoyo kukhala kanema woti atumize. Kanema amatuluka wokongola koma wolemera, ndipo agogo a ku Milonde, omwe bandulo yawo njochepa ndipo netiweki imabwera ndi kupita, amangoona kachizindikiro kakuzungulira mpaka kutopa.

Kanema nchiyani?

Kanema ndi zithunzi zambiri zoonetsedwa motsatizana mofulumira mpaka maso kukhulupirira kuti zikuyenda. Kawirikawiri zimakhala 24, 25 kapena 30 pa sekondi imodzi. Kotero kanema wa masekondi 30 wa zithunzi 25 pa sekondi amakhala ndi zithunzi 750. Mwana akadina batani lolembedwa kuti Export, foni imajambula zithunzi zonsezo, nkuzipanikiza pamodzi ndi mawu mu fayilo imodzi.

Kupanikizako kuli ngati kuyanika usipa. Wauwisi ngwolemera ndipo supita patali. Wouma umapepuka nkukafika mpaka ku Mulanje uli ndiwo ndithu. Koma ukapsereza pauyanikapo, wogula amaukana. Chimodzimodzi kanema: kumupanikiza pang'ono salowa m'foni ya mnzako, kumupanikiza mopyola muyeso zilembo zimafufutika.

Zoyenera kusankha

Choyamba, sankhani mtundu wa MP4 wopanikizidwa ndi njira ya H.264. Njirayi idakhazikitsidwa mu 2003 ndipo pafupifupi foni iliyonse yoonetsa kanema imaidziwa. Mtundu wa GIF, womwe kampani ya CompuServe idatulutsa mu 1987, sunyamula mawu ndipo umangokwanitsa mitundu 256 pa chithunzi, komanso nthawi zambiri umalemera kuposa MP4.

Chachiwiri, kukula. Foni idzakufunsani ngati mukufuna 720, 1080 kapena 4K. Pa zilembo ndi zojambula zoonera pafoni, 720 njokwanira. Ngati ndi wa pa Status ya WhatsApp, kanema akhale choimirira, muyeso wa 9:16, kuti adzaze galasi lonse.

Chachitatu, nambala yotchedwa bitrate, yomwe imanena kuchuluka kwa zomwe kanema amanyamula pa sekondi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kanema wa masekondi 30 pa 8 Mbps amalemera ma MB 30. Yemweyo pa 1 Mbps amalemera ma MB osakwana 4. Zojambula za mitundu yochepa, zopanda zothwanima zambiri, zimaonekabe bwino pa nambala yotsikayo. Ganizirani gulu la anthu 200: aliyense adzalipira kulemera kumene inu mudasankha.

Chikomekome cha nkuyu

Akulu adati chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Zilembo zovina ndi kugudubuka zimakondweretsa wopanga, koma wowerenga amafuna nthawi. Chiganizo chilichonse chiime masekondi okwanira kuti munthu wowerenga pang'onopang'ono amalize. Zilembo zikhale zazikulu, zakuda pa choyera kapena zoyera pa chakuda, ndipo zisayandikire m'mphepete momwe mabatani a WhatsApp ndi TikTok amaphimba. Ikaninso mawu apakamwa chifukwa cha amene sadziwa kuwerenga, osachotsa zilembo chifukwa ena amaonera foni ili chete.

Amene amaika zilembo za Chiarabu achenjere. Mapulogalamu ena sadziwa kuti zimalembedwa kuchokera kumanja, ndiye amazidula ndi kuzitembenuza. Zikalowa mu kanema zalowa, sizikonzekanso. Muonetseni wodziwa kuwerenga musanatulutse.

Tsiku ndi mwini uthenga

Kanema samwalira. Chenjezo la mvula la chaka chatha likhoza kudzukanso lero nkuthawitsa anthu popanda chifukwa, ndipo mawa likadzabwera loona iwo sadzamveranso. Nchifukwa chake tikupempha kuti pa kanema aliyense wa chenjezo palembedwe tsiku, chaka, dera ndi kumene uthengawo wachokera, kaya ndi ku nthambi yoona zanyengo, ku DoDMA kapena ku Unduna wa Zaumoyo. Zimenezi zikhale mkati mwa kanema momwemo, pakuti mawu olembedwa pansi amatayika m'njira.

Pomaliza, yesani musanafalitse. Tumizani ku foni yaing'ono ya m'nyumba mwanu, muone ngati akutseguka msanga ndiponso ngati amayi akuwerenga popanda kufunsa. Sungani kanema woyambayo, chifukwa akamatsitsidwa ndi kukwezedwanso pa Facebook kapena pa Status amanka nafooka. Kumene kulibe netiweki, Bluetooth imapatsira mnansi popanda bandulo.

Makolo, mwana wanu akamakonza timakanema timeneti musangoti akusewera. Khalani naye pansi, mumufunse kuti kanemayo akulemera ma MB angati, ndipo wapangira yani. Mvula ikubwera, ndipo abale athu a ku Milonde ndi a m'mbali mwa nyanja adzafuna uthenga wopepuka, womveka, wokhala ndi tsiku lake.