Mtovu M'mafupa a Mayi ndi Kuchepa kwa Khanda

Mwana akangobadwa m'chipatala cha St Gabriel ku Namitete, kaya ku Kabudula kapena ku Nambuma, anamwino amamuika pa sikelo ndi kulemba kulemera kwake. Khanda likapezeka losakwana makilogalamu 2.5, achibale amafulumira kutchula njala, malungo kapena kuchepa msinkhu kwa mayi. Zifukwa zimenezi n'zoona ndithu, koma palinso china chimene ambiri sachiganizira, ndicho mtovu, chitsulo chofeŵa chopezeka m'mabatire a galimoto ndi a sola.

Mtovu ukaloŵa m'thupi suchoka msanga. Thupi limauyesa kasiyamu, mchere womanga mafupa, ndipo limausunga m'mafupamo kwa zaka zambirimbiri. Motero mtsikana amene adaumeza ali wamng'ono amakula nawo osadziŵa kanthu. Tsono akaima, mafupa ake amatulutsa kasiyamu womangira mafupa a mwana, ndipo mtovu uja umatulukira limodzi, n'kudzera mu nsengwa mpaka kukafika kwa mwanayo. Mwana wotere angathe kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi, angathe kupinimbira, ndiponso kuvutika m'kalasi akadzayamba sukulu. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wosavulaza.

Umboni suli kutali. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu udatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake lidatsala m'dothi la m'makomboni, kotero kuti ngakhale ana amene adabadwa mgodiwo utatsekedwa kale apezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi.

Ku Nsaru ndi ku Mpingu kulibe mgodi wotero, komanso petulo wa mtovu adaleka kugulitsidwa m'maiko a kuno pofika 2006. Komabe njira zina zilipo. Batire yakufa ikaswedwa pabwalo, fumbi lake limasakanikirana ndi dothi pamene ana amakwaŵa. Mapoto osungunulidwa kuchokera ku zitsulo zotola angathe kuthira mtovu m'ndiwo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2020, kafukufuku adapeza mtovu m'penti ina ya mafuta yogulitsidwa m'Malaŵi, ndipo ngakhale bungwe la Malawi Bureau of Standards lidachitapo kanthu, penti yakale ikali pa zitseko ndi mazenera.

Palinso dothi limene amayi ambiri apakati amalilakalaka, la pachulu kapena logula pa msika. M'maiko angapo a mu Africa, dothi lodyedwa lapezeka ndi mtovu. Chilakolako chimenechi kaŵirikaŵiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, ndipo thupi losoŵa ayironi limayamwa mtovu wambiri kuposa thupi lokhuta bwino.

Kudziteteza sikulira ndalama zambiri. Mayi ayambe sikelo msanga, amwe mapiritsi owonjezera magazi, ndipo auze anamwino mosachita manyazi ngati akudya dothi. Usipa wodyedwa ndi minga yomwe, mkaka ndi ndiwo zamasamba zimapatsa thupi kasiyamu kuti mafupa asakokoloke. Mabatire akufa asaswedwe pakhomo, ndipo mwamuna wogwira ntchito ya mabatire kapena ya penti asambe ndi kusintha zovala asanaloŵe m'nyumba.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mtsikana amene ali m'Fomu 2 lero akumanga kale mafupa amene adzadyetse mwana wake. N'chifukwa chake phunziro limeneli liyenera kuyambira m'kalasi, mimba isanabwere.