Q wopanda U: mawu a Chingerezi amene anatsala pang'ono kutidanitsa pa Scrabble

Amene mumadutsa kuseri kwa msika Loweruka masana mukudziwa kuti pakhonde la grosale ija pamakhala magulu awiri, a bawo ndi a Scrabble. Ine ndine wa gulu lachiwirilo. Sabata yatha gemu yathu inatsala pang'ono kuthera panjira chifukwa cha zilembo ziwiri zokha, ndipo wolakwa ndinali ineyo.

Mnyamata wina wa Fomu 4, amene wangoyamba kumene kusewera nafe, anaika Q kutsogolo kwa I n'kuyamba kuwerengera mapointi. QI basi. Ine ndinadzuka pabenchi. "Iwe, m'Chingerezi Q sayenda yekha, amatsatana ndi U. Chotsa zimenezo!" Aphunzitsi ena opuma pantchito anandivomereza. Mnyamatayo anangoti, "Pepani madala, koma liwuli lilipo," n'kutionetsa pafoni. Linalipodi. Manyazi anandigwira, ndiye ndati ndilembe zimene ndaphunzira kuti anzanga musadzachite ngati ine. Paja safunsa adadya phula.

Vuto la Q ndi ili. M'kathumba ka Scrabble ya Chingerezi mumakhala zilembo 100. Q ndi mmodzi yekha, ndipo ali ndi mapointi 10, chimodzimodzi ndi Z. Ma U alipo 4 okha, pamene ma E alipo 12. Ndiye ukatola Q gemu ili kumapeto, ma U onse atagona kale pabolodi, wagwira njakata. Mnzako akamaliza zilembo zake iwe udakali ndi Q m'manja, amakuchotsera mapointi 10 n'kumuwonjezera iyeyo 10. Kusiyana kwake ndi 20, ndipo magemu ambiri pakhonde paja amatha anthu atasiyana ndi mapointi ochepa kuposa pamenepo. Ine ndaluza kangapo mwa njira imeneyi, ndikudikira U amene sanabwere.

Ife a Chichewa chilembochi chimativuta kwambiri chifukwa m'kalembedwe kathu mulibe Q. Tinakumana nacho kusukulu m'mawu monga queen, quick ndi question, ndiye tinangoloweza kuti U amakhala pambuyo pake nthawi zonse. Chizolowezi chimenechi chinachokera ku Chilatini. Angerezi akale ankalemba cwen ndi cwic, koma anthu olankhula Chifalansa a ku Normandy atalanda England mu 1066, alembi anayamba kuika qu pamene panali cw. Koma pali mawu ena amene Chingerezi chinabwereka mochedwa ku Chiarabu, Chiheberi ndi Chitchaina, ndipo amenewa sanatsate mwambowu.

Oyamba kuloweza ndi afupiafupi. QI ndi liwu lochokera ku Chitchaina, lonena za mphamvu ya moyo imene amati imayenda m'thupi, ndipo limapereka mapointi 11. QAT ndi masamba amene anthu amatafuna ku Yemen, Somalia ndi Ethiopia, mapointi 12. QADI ndi woweruza milandu wa Chisilamu, pamene QAID ndi mtsogoleri; onse awiri ndi 14.

Ukadziwa amenewo, onjezera a zilembo zisanu. NIQAB ndi nsalu yophimba nkhope imene amavala amayi ena a Chisilamu, mapointi 16. FAQIR ndi munthu wodzisankhira umphawi chifukwa cha chipembedzo, 17. QANAT ndi ngalande yodutsa pansi pa nthaka yothiririra minda, yotchuka ku Iran, 14. TRANQ ndi chidule cha dzina la mankhwala okhazika mtima pansi, 14. Palinso QWERTY, la zilembo zisanu ndi chimodzi, dzina la kasanjidwe ka zilembo pa kompyuta ndi pafoni, lochokera ku zilembo zoyambirira za mzere wapamwamba. Limeneli ndi 21. Mawu ngati QI, QAT, QADI ndi NIQAB amalolanso S kumapeto.

Mwa onsewa, wamkulu ndi wamng'onoyo. QI amalowa pena paliponse pamene pali I wokhala ndi malo kumanzere kapena pamwamba pake. Ukaika Q pamalo ochulukitsa chilembo katatu, n'kupanga QI chopingasa komanso QI chotsika nthawi imodzi, Q amawerengedwa 30 kawiri, kuphatikiza ma I awiri aja, zonse 62. Eti, mapointi 62 ndi chilembo chimodzi chimene enafe tinkachiopa ngati ngongole.

Chenjezo n'lakuti Iraq ndi Qatar saloledwa, ngakhale kuti alibe U pambuyo pa Q. Ndi mayina a mayiko, ndipo mayina a anthu ndi malo salowa mu Scrabble.

Aphunzitsi aja sanagonje msanga. Anati, "Komatu mawu amenewa si Chingerezi." Ndimawamvetsa, koma lamulo la gemuyi silifunsa kumene liwu linabadwira, limangofunsa ngati lili mumndandanda wovomerezeka. Ku United States ndi Canada ali ndi mndandanda wawo, pamene mayiko ena ambiri amatsata wa Collins Scrabble Words. Ndipo amene akudandaula ndi mawu obwereka adziwe kuti athunso alimo. KWACHA ndi lololedwa, mapointi 18. NGWEE ya ku Zambia ilimonso. TAMBALA lili ndi zilembo 7 ndendende, ndiye ukaliika lonse kuchokera m'manja mwako umalandira bonasi ya 50 pamwamba pa mapointi ake 11. Ngati wa ku London atha kuwina ndi tambala wathu, ife tikanirenji qadi?

Komanso tisamaganize kuti ukatswiri wa gemuyi ndi wa eni chiyankhulo okha. Scrabble anaiyambitsa Alfred Butts wa ku New York m'zaka za m'ma 1930, koma mu 2015 mpikisano wa dziko lonse, umene unachitikira ku Perth m'dziko la Australia, anawina ndi Wellington Jighere wa ku Nigeria.

Pakhonde paja tsopano tagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, tisanatole zilembo tizigwirizana mndandanda woti titsate, chifukwa kadikishonale ka kusukulu kamene tinkadalira kalibe ambiri mwa mawuwa. Chachiwiri, wotsutsa liwu azitsutsa atakhala pansi, foni iweruze. Mnyamata uja ndinamupepesa, ndipo wandilembera mawu onsewa papepala limene ndikuyenda nalo m'thumba la malaya. Loweruka likubwerali tikumananso 2 koloko masana, ndipo Q akandipeza sindidikiranso U.